Momwe Makina a M'fakitale Amauzidwira Zochita

M'chimangirizo chino ndifotokoza ntchito imene ndidaiona patchuthi, pamene ndinkanyamulira chikwama achimwene anga. Iwo ndi katswiri wa zamagetsi, ndipo amayenda m'mafakitale a ku Area 4 ndi ku Kanengo kukonza makina. Ntchitoyi ndi yosamutsa malangizo kuchoka m'kompyuta kupita m'kachipangizo kolamulira makina, kamene amisiri amakatchula kuti PLC.

PLC ndi kakompyuta kopanda galasi kamene kamakhala m'bokosi lachitsulo pakhoma. Kamamva zimene zida zoyezera zikunena, kenaka n'kulamula mapampu, mamota ndi mavalavu. Kachipangizo kotere kadayambira ku America cha m'ma 1968, pamene kampani ya General Motors idatopa ndi kumasula mawaya nthawi zonse ikasintha mtundu wa galimoto. Gulu la Dick Morley lidapanga Modicon 084, ndipo kuyambira pamenepo mmisiri adayamba kusintha khalidwe la makina polemba malangizo m'malo mogwira pulayala.

Zimene zimatumizidwa zili pawiri. Pali pulogalamu, imene imati madzi akachepa pampu iyake. Palinso manambala: kuchepako n'kufika pati, chida chakuti chili pa waya uti, mota idikire masekondi angati. Ambiri amasamala pulogalamu n'kunyozera manambala, chonsecho vuto limabisala m'manambalamo.

Monga wophunzira chiyankhulo, chidandidabwitsa ndi mawu. Pafoni tikati "download" timatanthauza kukokera chinthu kwa ife. Kwa amisiri a PLC liwu lomweli limatanthauza kutumiza kuchoka pa laputopu kupita m'makina, pomwe "upload" ndiye kukoka zimene zili m'makinamo. Wosokoneza mawu awiriwa amafufuta malangizo amene akugwira ntchito n'kuikamo akale, ndipo palibe batani lobwezera. Achimwene adandiuza kuti, "Iwe, usanatumize chilichonse, yamba wakoka zili momo usunge."

Tsiku lina tidaitanidwa ku fakitale ina ya ku Old Town imene imasakaniza zakumwa. Magetsi adazima usiku, ndipo atayaka makina sadadzuke. Ma PLC akale amasunga malangizo ndi kabatire kakang'ono magetsi akazima. Kabatire ka pamenepo kadali katatha kalekale, nyale yochenjeza ikuyaka popanda woilabadira. Kachipangizoko kadaiwala zonse. Kukoka kunalibe chokoka. Antchito oposa khumi adangokhala panja, bwana akuyang'ana wotchi.

Mwamwayi, mu ofesi mudapezeka fayilo yakale. Achimwene adalumikiza laputopu ndi chingwe, adaonetsetsa kuti mtundu wa PLC wolembedwa m'fayilo ukufanana ndi wa pakhoma, adasiya kachipangizoko pa "stop", n'kutumiza. Kutumizako sikudathe ngakhale mphindi ziwiri. Malangizo amayenda m'timagulu, ndipo kagulu kalikonse kamakhala ndi nambala yotsimikizira kumapeto. Wolandira akawerengera n'kupeza yosiyana, amakakana. Njira ya Modbus, imene idatuluka mu 1979 ndipo ikugwirabe ntchito, imatero. Koma nambala imeneyi imangotsimikiza kuti uthenga wafika wosaonongeka. Siinena ngati uthengawo uli woona.

Bwana adafuna kuti makina ayatsidwe pompo. Achimwene adati, "Bwana, pepani, mundipatseko theka la ola." Adakwera pa thanki n'kuwerenga kachitsulo kolembedwa pa chida choyezera madzi. Zida zoterezi sizinena kuti "mamita awiri". Zimatumiza mphamvu yamagetsi yapakati pa 4 ndi 20 mA, ndipo PLC ndiyo imamasulira: 4 ndiye pansi, 20 ndiye pamwamba pa muyeso. Fayilo yakale inkadziwa chida choyeza mamita 3. Chida chimenecho chidafa zaka zapitazo, ndipo adaikapo china choyeza mamita 5. Amene adachiika adasintha nambala m'makinamo koma sadaisunge m'fayilo.

Tiwerengere limodzi. Pampu imayenera kuzima madzi akafika mamita 2.7, amene pa chida chakale ndi magawo 90 pa 100. Pa chida chatsopano magawo 90 pa 100 ndi mamita 4.5, pomwe thankiyo n'njotalika mamita 3 okha. Pampu ikadangopopabe, madzi n'kusefukira pa mamota ali pansi pake, PLC ikukhulupirira kuti thanki sidadzaze. Nambala imodzi yokha, 3 m'malo mwa 5.

Ngakhale amene sadalowepo m'fakitale adaigwirapo ntchitoyi osadziwa. Manambala a mayunitsi a mamita a magetsi olipiriratu ankawerenga mphindi kuyambira mu 1993, ndipo malo owerengerawo ankadzaza pa 24 Novembala 2024. N'chifukwa chake m'maiko ambiri, kuphatikizapo kuno kwathu, mamita adayenera kulowetsedwa manambala apadera 20 kawiri motsatana bwino, apo ayi akadayamba kukana mayunitsi. Wa ku Area 10 ndi wa ku Mchesi yemwe, aliyense wobaya manambala aja ankasintha malangizo a kachipangizo.

Khomo lolowera malangizoli lingathenso kulowa mbala. Mu 2010 kudadziwika pulogalamu yoononga yotchedwa Stuxnet, imene inkabisala m'makompyuta a amisiri n'kusintha malangizo opita ku ma PLC a Siemens pa malo a nyukiliya a Natanz ku Iran. Ichi ndicho chifukwa achimwene sandilola kubaya fulashi yanga ya nyimbo pa laputopu yawo, ngakhale ndidandaule motani.

Tsiku lija adakonza nambala ija, adadzaza thanki akuyang'ana ndi maso, ndipo pampu idazima pa mamita 2.7. Adakoka malangizo atsopanowo, adalemba deti pa fayilo, n'kusiya imodzi mu ofesi, ina m'chikwama chathu. Kabatire sitidakapeze m'masitolo a mu Malangalanga, moti adachita kuitanitsa ku Johannesburg. Pa masabata awiri amene tinkadikira, magetsi adazimanso katatu, ndipo katatu konseko tidakwera minibasi kukatumizanso fayilo ija.