Galu, mphaka ndi umoyo wa okalamba ku Metangula

Kusungulumwa kumadwalitsa munthu wokalamba. Wosowa wocheza naye amasowa tulo ndi chilakolako cha chakudya, ndipo matenda a mtima ndi a maganizo savuta kumugwira. Vutoli ndi lalikulu moti mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa komiti yapadera yolimbana nalo.

M'mayiko omwe okalamba amasungidwa m'nyumba zapadera, njira imodzi yochepetsera vutoli ndi ziweto. Mu 1991, Dr. William Thomas analowetsa agalu 2, amphaka 4 ndi mbalame 100 m'nyumba ya okalamba ya Chase Memorial, m'dera la New York. Ena omwe anali atasiya kuyankhula anayamba kufunsa za mbalame zawo, ndipo mankhwala omwe ankamwa anachepa. Ku Britain, bungwe la Pets As Therapy lakhala likutengera agalu ofatsa kwa okalamba ndi odwala kuyambira 1983. Akatswiri anapeza kuti munthu akamasisita galu womuzolowera, mtima umagunda modekha ndipo thupi limatulutsa timadzi ta oxytocin tothandiza kuti mtima ukhale m'malo. Phinduli si lalikulu kwambiri, ndipo sililowa m'malo mwa abale.

Ku Metangula, likulu la boma la Lago m'chigawo cha Niassa, okalamba amakalambira pakhomo pawo. Komabe pakhomo pamatha kukhala zii. Anyamata amagona panyanja kupha usipa, ena ali ku Lichinga kapena kumigodi ya golide ku Lupilichi, ndipo adzukulu amachoka m'mawa kupita kusukulu. Thandizo la ndalama la bungwe la boma la INAS, kwa omwe limawafikira, limagula ufa ndi sopo basi. Otsala ndi agogo tsiku lonse ndi galu wogona pakhonde, mphaka ndi nkhuku.

Ziwetozi sizinaphunzitsidwe, koma ntchito zikuigwira. Galu wodikira mkute ndi mitu ya nsomba amachititsa agogo kudzuka ndi kukoleza moto, ndipo akaphika amadyako nawonso. Kutsegulira nkhuku m'mawa ndi kuzitsekera madzulo kumawongola miyendo. Usiku kuuwa kwa galu kumachotsa mantha mwa munthu wogona yekha. M'mabanja ambiri a Chisilamu galu salowa m'nyumba, choncho mphaka ndiye amatenga malowo, uku akuteteza chimanga ndi nsomba zouma ku makoswe.

Choopsa chachikulu ndi chiwewe. Matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amawatenga kwa agalu. Zizindikiro zikayamba kuoneka, munthu sachira. Galu ndi mphaka wa agogo ayenera kubayitsidwa katemera nthawi iliyonse alangizi a ziweto akalengeza, chifukwa agalu 70 mwa 100 aliwonse akalandira katemera, matendawa amasiya kufala m'dera. Wolumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likhale laling'ono. Utitiri ndi nkhupakupa zichotsedwe, ndipo galu wokonda kudumphira anthu asasiyidwe ndi agogo oyendera ndodo kapena osaona bwino, chifukwa kugwa kumathyola chiuno cha wokalamba.