MAGETSI NDI MADZI: PULAGI YOYENERA PA NTCHITO ZA PANJA

Ambiri a ife timapeza chakudya pogwira ntchito ndi makina amagetsi panja. Ena amawotcherera zitseko m'mbali mwa msewu, ena amatsuka magalimoto, ena amapopa madzi a mthirira, ndipo ena amaumba zidina za simenti. Malo onsewa amanyowa, makamaka m'nyengo ya dzinja. Komabe nthawi zambiri timaona makinawa atalumikizidwa ndi pulagi ya m'nyumba, mwinanso mawaya awiri atangosomekedwa m'soketi ndi timitengo ta machesi. M'mutu uno tikufuna tithandizane kudziwa pulagi ndi soketi zoyenera pamalo onyowa.

Chifukwa chiyani madzi amaonjezera ngozi?

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba zathu ndi mphamvu ya mavoti 230. Khungu louma limatchingako magetsi, koma likanyowa limawalola kudutsa mosavuta. Mphamvu yoyenda m'waya timaiyeza m'maampu. Magawo 30 okha mwa magawo 1,000 a ampu imodzi, akadutsa pachifuwa kwa kanthawi, angathe kusokoneza kupuma ndi kugunda kwa mtima. Munthu woima m'matope wopanda nsapato akagwira waya wa mavoti 230, m'thupi mwake mungadutse mphamvu yoposa pamenepa kangapo. Choopsa china n'chakuti minofu imakungika, ndipo dzanja limakana kutaya wayayo.

Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito pa wailesi ndi simbi inapangidwira m'nyumba mouma. Imanyamula maampu 13 basi, ndipo ilibe chotchinga madzi.

Tiwerenge nambala ya IP

Pulagi ndi soketi za pantchito zimalembedwa zilembo IP ndi manambala awiri. Nambala yoyamba, kuyambira 0 mpaka 6, imanena za fumbi ndi tizinthu tolowa m'kati. Yachiwiri imanena za madzi. Nambala ikakula, chitetezo chimakulanso.

IP44 imapirira madzi othovukira kuchokera mbali iliyonse. Imeneyi ndi yokwanira pakhonde kapena pansi pa shedi.

IP66 silola fumbi ndipo imapirira madzi opopedwa mwamphamvu ndi paipi. Ndi yoyenera potsukira magalimoto.

IP67 imapirira kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Ndi yoyenera pafupi ndi pampu ya kudimba, kumene nthambo imatha kugwera m'ngalande.

Tikumbukire kuti chitetezochi chimagwira ntchito pokhapokha chivindikiro chikatsekedwa ndi mkombero wake utamangidwa bwino. Soketi yothyoka chivindikiro yasanduka soketi wamba.

Mtundu wa pulagi uli ndi tanthauzo

Mapulagi a pantchito, opangidwa motsata muyezo wa IEC 60309, amakhala ndi mano obulungira otetezedwa ndi chikopa cha pulasitiki yolimba. Yabuluu ndi ya mavoti 230. Yofiira ndi ya mavoti 400, magetsi a mizere itatu amene amayendetsa mota ya chigayo. Yachikasu ndi ya mavoti 110, imene amaikonda pa ntchito zomangamanga ku Britain. Anaipanga mwadala kuti yabuluu isalowe m'soketi yofiira. Tisaipale kapena kuikakamiza.

Pa pulagi pamalembedwanso maampu: 16, 32, 63 kapena 125. Tiyerekeze ndi nambala yolembedwa pa kachitsulo ka pamakina athu. Pulagi yochepera imatentha, kenako imasungunuka.

Waya wa nthaka ndi RCD

Nthambo yabwino ya makina a mavoti 230 imakhala ndi mawaya atatu: wabulauni ndiye wamoto, wabuluu ndi wobweza, ndipo wobiriwira ndi chikasu ndi wa nthaka. Pa nthambo zakale mitunduyi inali yofiira, yakuda ndi yobiriwira. Waya wa nthaka amatenga magetsi otayikira pa chitsulo cha makina n'kuwapititsa pansi, kuti asadzere mwa ife. Kuudula poti makina akuyendabe n'kudzitchera msampha tokha.

Fyuzi imateteza nthambo kuti isapse, koma siteteza munthu. Munthu angafe fyuzi ya maampu 13 ili yosaduka. Chimene chimateteza moyo ndi kachipangizo kotchedwa RCD, kolembedwa 30 mA. Kakangoona kuti magetsi akutayika, kamathimitsa sekondi imodzi isanathe. Kali ndi batani loyesera. Tilidinize tisanayambe ntchito. Kakamathimitsa kawirikawiri, ndiye kuti penapake pali vuto. Tiitane wodziwa, osati kukachotsa.

Udindo ndi wa yani?

Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito la chaka cha 1997 limapatsa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo antchito ndi otetezeka. Choncho wantchito wopempha soketi yabwino sakuchita mwano ayi. Nayenso wantchito ali ndi udindo wonena akaona nthambo yosupuka, osati kungokulungapo jumbo. Ntchito yoika magetsi tiipereke kwa amisiri okhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA. Soketi aikweze pakhoma kapena pamtengo, kukamwa kwake kutayang'ana pansi.

Mnzathu akagwidwa ndi magetsi, tisamukhudze ndi manja. Tithimitse kaye pa swichi yaikulu, kapena timusiyanitse ndi wayayo ndi mtengo wouma titaima pouma, kenako tithamangire naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Pulagi yabwino ndi yokwera mtengo, koma siposa mtengo wa bokosi la maliro ndi ana otsala opanda wowasamala. Akuluakulu anati tsoka silinunkha.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi malo ati m'dera lathu amene magetsi ndi madzi zimayandikana?
2. Kodi wantchito angatani ngati bwana akukana kukonza soketi yoonongeka?
3. Gulu lathu lingathandize bwanji amisiri aang'ono kugula zipangizo zoyenera?