Misonkho ya a Trump: akufuna chiyani kwenikweni?

Chiyambire pa 2 Epulo 2025, tsiku limene Pulezidenti Donald Trump anaimirira pabwalo la White House atanyamula chikwangwani cha misonkho yatsopano, anthu akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi bambo amenewa akufunanji? Popeza ntchito yanga ndi yofufuza za malonda a pakati pa mayiko, ena amayesa kuti ndili ndi njira yoonera za mumtima mwa mtsogoleri. Ife a zachuma timangoyang'ana amene akulipira, amene wakhululukidwa, ndiponso masamu amene agwiritsidwa ntchito. Cholinga cha munthu chimatulukira pamenepo.

Tiyambe ndi wolipira. A Trump amati misonkhoyi akulipira ndi mayiko akunja. Aliyense amene anaitanitsapo galimoto ku Japan akudziwa kuti sizitero. Galimoto ikafika pachipata cha Songwe, a MRA satumiza kalata ku Tokyo. Wopisa m'thumba ndi mwini galimoto, ndipo ngati ndi yogulitsa, ndalamayo amaikiza pamtengo. Ku America n'chimodzimodzi: kampani ya konko yoitanitsa katundu ndiyo imalipira padoko, kenako mtolo umakagwera wogula m'sitolo. Wogulitsa wakunja nthawi zina amatsitsako mtengo poopa kutaya msika, koma gawo lalikulu amasenza ndi eni dziko. Mu 2018 a Trump ataika msonkho pa makina ochapira zovala, mitengo yake inakwera ndi pafupifupi 12 peresenti. Mu Novembala 2025 boma lawo lomwelo linachotsa msonkho pa khofi, nthochi ndi nyama ya ng'ombe, anthu atadandaula ndi kudula kwa zakudya. Msonkhowo ukanakhala kuti amalipira ndi alendo, akanauchotseranji?

Nduna za a Trump zikamayankhula, lero zimati misonkho ibweza mafakitale kwawo, mawa zimati idzaza thumba la boma, mkuja zimati ndi chida chongokambirana nacho. Zitatuzi zimatsutsana. Mafakitale akabwereradi, katundu wolowa amachepa, ndipo ndalama za msonkho zimachepanso. Ngati msonkho uli wongoopsezera, ndiye kuti udzachotsedwa mgwirizano ukapezeka, ndipo palibe wamalonda amene angamange fakitale ya zaka zingapo podalira lamulo losintha pa sabata imodzi. Zinachitikadi: pa 9 Epulo 2025, misika ya ndalama itagwedezeka, misonkho ikuluikulu ija inaimitsidwa kwa masiku 90, kupatula ya China imene inakwera mpaka 145 peresenti.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi masamu ake. Chikwangwani chija chinkati America akungobwezera misonkho imene mayiko ena amamulipiritsa, koma manambala ake sanachokere ku misonkho ya dziko lililonse. Anatenga katundu amene dziko limagulitsa ku America, kuchotsapo amene limagula konko, chotsalacho n'kuchigawa ndi katundu wogulitsidwa uja, kenako n'kudula pakati. Taonani Lesotho. Mu 2024 anagulitsa ku America katundu wa madola oposa 200 miliyoni, makamaka zovala ndi dayamondi, koma anagulako katundu wosakwana madola 3 miliyoni. Masamuwo anapatsa Lesotho 50 peresenti, pamwamba penipeni pa mndandanda. Mlandu wake unali umphawi basi, chifukwa mayi wosoka majinzi a Levi's ku Maseru alibe ndalama yogulira katundu wa ku America. Pofika Ogasiti 2025 msonkhowo unatsika kufika pa 15 peresenti, koma ogula anali ataimitsa kale maoda, mafakitale atachotsa anthu ntchito, ndipo boma la Lesotho linali litalengeza kuti ulova wafika pa ngozi yogwera dziko lonse.

Masamu oterewa angatuluke kwa munthu wokhulupirira kuti ukagula zambiri kwa mnzako kuposa zimene iye akugula kwa iwe, ndiye kuti wakubera. A Trump akhala ndi maganizo amenewa kwa nthawi yaitali. Mu 1987 analipira tsamba lathunthu m'nyuzipepala zikuluzikulu, kuphatikizapo New York Times, kudandaula kuti Japan ndi mayiko ena akudyera America masuku pamutu. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati zonsezi ndi chiwembu chongolemeretsa anzawo pamsika wa masheya. N'zoona kuti pa 9 Epulo analemba pa intaneti kuti ino ndi nthawi yabwino yogula, patangotsala maola ochepa kuti aimitse misonkho ija, ndipo zimenezo n'zoyenera kufufuzidwa. Koma chikhulupiriro chawo n'chakale kuposa pamenepo.

Komabe chikhulupirirocho sichifotokoza za Brazil. America amagulitsa zambiri ku Brazil kuposa zimene amagulako, koma mu Julaye 2025 a Trump anaika 50 peresenti, ndipo m'kalata yawo anatchula mlandu wa mnzawo Jair Bolsonaro, mtsogoleri wakale wa dzikolo. India nayenso anapatsidwa 50 peresenti, theka lake chifukwa chogula mafuta ku Russia. Apa msonkho wasanduka chikwapu. Chimene chimakoma kwa wougwira n'chakuti atsogoleri a mayiko ndi eni makampani amayenera kubwera okha kudzapempha, aliyense payekha.

Kuona kwanga n'kwakuti mizu ya misonkhoyi ndi chikhulupiriro cholakwika pa za malonda, ndipo chimene chikuikhalitsa ndi mphamvu imene imapereka m'manja mwa munthu mmodzi. Ife kuno ku Malawi, mu 2025 fodya, tiyi, shuga ndi makademiya athu anapatsidwa 17 peresenti, kenako 15. Akuluakulu oona za malonda m'boma ndi m'makampani, musamange mapulani pa msika wodalira mmene munthu mmodzi wadzukira. Yambani lero kufunafuna ogula mu SADC, mu COMESA ndi mumsika wa Africa yonse wa AfCFTA.