Mkungudza wa ku Mulanje ulibe kwina kothawira

Munthu akaima m'tauni ya Milange kunja kutayera, amaona phiri la Mulanje tsidya la mtsinje wa Muloza, m'dziko la Malawi. Pamwamba pa phirilo ndiye kwawo kwa mkungudza, mtengo wonunkhira umene matabwa ake sadyedwa ndi chiswe. Mtengowu sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi.

Akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, kuchokera ku dzina la Alexander Whyte amene adatola nthambi zake m'chaka cha 1891. M'chaka cha 1984 dziko la Malawi lidausankha kukhala mtengo wa fuko.

Banja lake ndi lakalekale. Lili ndi mitundu inayi yokha, yonse kummwera kwa Africa, pamene abale ake a patali ali ku Chile ndi ku Tasmania. Wa ku Mulanje udazolowera chisanu ndi nkhungu za pamtunda wopitirira mamita 1,800. Kwa iwo phiri lili ngati chilumba, pakuti m'munsi monse n'motentha.

Mbale wake, Widdringtonia nodiflora, amene amapezekanso ku Gorongosa ndi ku Chimanimani, akapsa amaphukira pachitsa. Wa ku Mulanje sutero. Moto waukulu ukaudutsa umafa, ndipo mtundu wake umadalira njere basi.

Ocheka matabwa adadula mitengo ikuluikulu yobala njerezo. Moto wa alenje unkatentha mbande chaka ndi chaka, ndipo nsabwe za mitengo zimene zidafika ku Malawi m'chaka cha 1986 zidaumitsa ina. Pamene adawerenga m'chaka cha 2017, adapeza mitengo yokhwima 7 yokha.

Vuto lake mlimi aliyense akulidziwa. Wosunga mbewu ya chimanga ya pa phesi limodzi amakhala ndi munda wofanana, ndipo matenda akabwera amagwira wonse. Mitengonso ndi chimodzimodzi. Uliwonse uli ndi chibadwa chake: wina umapirira chilala, wina tizilombo. Makolo akachepa, mungu umangozungulira pachibale ndipo ana amatha kufooka. Kholo likagwa, chimene linali nacho lokha chimapita nalo.

Mwayi ndi wakuti mkungudza wina udabzalidwa kale pa phiri la Zomba, ndipo njere zidapezeka kumeneko. Kuyambira m'chaka cha 2016, anthu a m'midzi yozungulira Mulanje adafesa njere m'manazale mothandizidwa ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, ndipo mbande pafupifupi 500,000 zidabzalidwa paphiri. Koma mbande imatenga zaka makumi angapo kuti ikhale mtengo wa matabwa, pamene moto wa tsiku limodzi umaipha.

Nkhaniyi ikhudzanso mitengo ya pa phiri la Tumbine ndi m'manda a makolo. Wofuna kufesa mbawa kapena mlombwa atole njere pa mitengo yambiri yotalikirana, osati pa umodzi. Wodula asiye mitengo yobala. Ndipo chilimwe chikafika, wosaka mbewa azimitse moto wake asanabwerere kumudzi.