Uta wabwino umayambira pa kudziwa chipika

Mtengo ukakhala chiimire, ngakhale mwana woweta mbuzi amautchula dzina. Amaona masamba, maluwa kapena zipatso, basi wadziwa kuti uwu ndi msuku, uwo ndi mthethe. Koma mtengo womwewo ukagwetsedwa, nthambi n'kusadzidwa, n'kutsala chipika chokha pamulu wa nkhuni, ambiri a ife timangoti ndi "mtengo wachilengedwe". Luso lozindikira mtengo pongoona chipika likutha, ndipo amene analigwiritsitsa kwambiri ndi osema mauta.

Ine ndimaphunzitsa zaulimi pa sekondale ina yoyendera kumudzi. M'dera lathu lonse mwatsala gogo mmodzi yekha wodziwa kusema uta, ndipo zambiri zomwe ndalemba pano ndazitola pakhonde pawo masiku a Loweruka.

Uta umauvutitsa mtengo kuposa chipangizo china chilichonse cha pamudzi. Mtondo umangofuna mtengo wosang'aluka, mzati umafuna wosadyedwa ndi chiswe. Koma mukakoka nsinga ya uta, mbali yakunja ya mtengo imatamuka pomwe yam'kati imapanikizika, zonsezi nthawi imodzi. Mukataya nsinga, mtengowo uyenera kubwerera msanga mmene unalili. Wofewa umangokhala chipindikire osabwerera, wouma gwa umathyoka n'kukuvulazani kumaso. N'chifukwa chake wosema uta sasankha mtengo mwachisawawa.

Agogowa akapeza chipika amayamba ndi khungwa. Khungwa la thombozi limang'ambika timabokosi ting'onoting'ono ngati chikopa cha ng'ona. La muwanga n'loyererako ndipo limafundukuka zigambazigamba. La naphini n'lodera, lokhala ndi ngalande zakuya. La mombo mukalitema pang'ono n'kukoka, luzi limasendeka lalitali, ndipo pamenepo mwadziwa kale kuti mwapeza chingwe chomangira denga, uta ayi.

Kenaka amatema ndi nkhwangwa kuti aone chotuluka. Mlombwa umakha madzi ofiira ngati magazi, ndipo ngakhale pachipika chomwe chakhalitsa, madziwo amaoneka atauma pakhungwa. Thombozi ndi mkuyu zimatulutsa utomoni woyera ngati mkaka. Amanunkhizanso pomwe atemapo: bulugamu sabisala fungo, mlombwa nawo uli ndi kafungo kake kabwino komwe akalipentala amakadziwa.

Akatero amayang'ana kumutu kwa chipika, komwe kunadutsa sowo. Mphingo suvuta: kunja kamzere kopyapyala koyera, m'kati monse bii ngati khala. Naphini ndi wachikasu. Malaina ndi woyera kuyambira kunja mpaka pakati. Pomaliza amachinyamula n'kuchigogoda ndi msana wa nkhwangwa. Malaina amapepuka m'manja, pomwe mphingo umalemera mwakuti kachidutswa kake mukakaponya m'madzi kamamira. Chipika cholira ngati ng'oma ndiye kuti m'kati muli mphako kapena chafumbwa.

Chomwe chimadabwitsa ophunzira anga n'chakuti mitengo yotchukayi agogowa saifuna. Mlombwa amati ndi wa zitseko, ng'oma ndi mipando. Mphingo amati umalemera manja, ndiponso nthawi zambiri umamera mokhotakhota, wamfundo zambiri. Bulugamu amang'aluka akamauma. Iwo amasaka mpangala, kamtengo kam'tchire komwe alimi amadana nako chifukwa cha minga. Kamadziwika ndi minga yake yomwe kwenikweni ndi tinthambi tosongoka, ndipo mtima wake ndi wofiirira moderapo, wolimba koma wololera kupindika. Ana akafuna uta woseweretsa amawapatsa nsungwi, mivi yake n'kukhala ya bango.

Ngakhale mtundu wa mtengo ukhale woyenera, chipika chikhoza kukanidwabe. Chiyenera kukhala chowongoka, chotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, chopanda mfundo pakati. Mitsempha ya mtengo iyenera kuyenda molunjika kuchokera kumutu mpaka kutsinde. Ngati ming'alu ya khungwa ikuzungulira ngati chingwe chopota, m'katimonso ndi mopotoka, ndipo uta wake udzatembenukira kumbali. Akachisankha amachiumitsa pamthunzi pang'onopang'ono, poti dzuwa limaumitsa kunja m'kati mukadali madzi, mtengo n'kung'aluka. Ndiye amasema ndi kasemasema, pakati ponenepa, nsonga ziwiri zikunka ziwonda, akumapinda pabondo kuti aone ngati mbali zonse zikugonja mofanana.

Wina afunsa kuti zonsezi n'zantchito yanji lero, poti uzimba unatha ndipo kusaka nyama m'malo otetezedwa monga Kasungu, Liwonde ndi Nkhotakota ndi mlandu. Sindikuti tibwerere kotha nyama. Nkhani yagona pa nzeru yomwe inali kuseri kwa utawo. Cha m'ma 1860, John Kirk, dokotala yemwe ankayenda ndi David Livingstone, anapeza Amang'anja a kuchigwa cha Shire akupaka mivi yawo ulembe wotchedwa kombe. Chomera chake mpaka lero asayansi amachitcha Strophanthus kombe, ndipo m'menemo munadzachokera mankhwala a mtima. Alenje athu ankadziwa zomera zawo mozama chotero. Ngakhale utawaleza womwe timauona mvula ikamakata, dzina lake linachokera ku chida chomwechi.

Phindu lina ndi la m'thumba. Munthu wosadziwa chipika amagulitsidwa matabwa wamba pamtengo wa mlombwa. Amawotcha makala ndi mphingo, mtengo womwe kunja amapangira zitoliro zodula ngati clarinet, womwenso kuyambira 2017 malonda ake a pakati pa mayiko amalondolozedwa ndi pangano la CITES. Makomiti a nkhalango za m'midzi sangateteze mitengo yomwe sangathe kuitchula ikakhala pangolo. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linaunikidwanso mu 2020, limafuna anthu pamudzi otha kuloza chipika n'kunena kuti uwu ndi muwanga. Wosema uta amadula kamtengo kamodzi komwe wakasankha bwino, pomwe wosadziwa amagwetsa isanu kuti apezepo umodzi.

Uta nawonso ukadali ndi malo ake. Kulasa chandamale ndi masewero a Olympics, ndipo Mmalawi mnzathu Areneo David anakapikisana nawo ku Rio de Janeiro mu 2016. Mauta a kumeneko ndi opangidwa kufakitale, koma mwana wakumudzi atha kuyambira pa uta wa nsungwi kapena wa mpangala, akulasa chitsa kuseri kwa sukulu.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi anzanga ndi mafumu. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Tisamangodzala bulugamu ndi malaina okhaokha. Tifesenso mbewu za mitengo yathu. Sukulu iliyonse itha kutola zidutswa za nkhuni zogwa kale, kulemba dzina pa chilichonse, n'kuitana mkulu wa m'mudzi adzawaonetse ana khungwa, fungo ndi mtima wa mtengo uliwonse. Sizifuna ndalama, zingofuna kufulumira, poti akuluwo akukalamba. Paja akulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.