Tisathamangire kuika nsomba m'damu latsopano

Mwatifunsa chifukwa chake damu lathu lilibe nsomba mpaka pano. Madzi atsopano sakhala ndi chakudya. Tikaikamo makumba lero sangakule, ndipo ndalama zomwe munasonkha zipita pachabe.

Timayamba ndi kuthira layimu pansi, kenako madzi ndi manyowa a nkhuku kapena a mbuzi. Pakatha masiku 7 mpaka 14 madzi amabiriwira ndi tindere timene nsomba zimadya.

Poyesa timaviika mkono. Chikhatho chikamaonekabe madzi atafika m'chigongono, manyowa achepa. Chikasowa msanga, achuluka, ndipo nsomba zingabanike mbandakucha. Chikazimirira cha m'chigongono, nthawi yakwana: tidzapita ku Domasi kukagula mbewu, Insha Allah.