Kukwera Phiri la Mulanje

Mukauza wachibale wanu kumudzi kuti Loweruka mukukakwera phiri, funso lake loyamba lidzakhala lakuti, "Mukukatengako chiyani?" Mukayankha kuti palibe, mukungokayenda basi, adzakuyang'anitsitsani ngati mutu wayamba kusokonekera. Musamudzudzule. Munthu amene tsiku lililonse amayenda pansi kupita kumunda, kuchigayo ndi kumjigo, kuphiri amapitirako nkhuni, nsungwi, bowa kapena mankhwala, ndipo kuyenda kopanda chokatenga amakuyesa masewera a azungu. Koma ambiri a ife moyo unasintha. Wam'tauni akadzuka amakwera minibasi kapena kabaza, n'kukakhala pampando mpaka dzuwa kupendeka, ndipo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi anasiya kalekale kusankha mabwana okha. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake, mpaka mtima kugunda mofulumirako, kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Makolo athu mphindi zimenezi ankazikwanitsa Lolemba lisanathe. Ife tiyenera kuchita kuzifunafuna, ndipo Mulanje ndi amodzi mwa malo abwino koposa ozipezerako.

Amene amangoliona ali mumsewu amaliyesa phiri limodzi. Mulanje ndi chimwala chachikulu chodzuka mwadzidzidzi pakati pa minda ya tiyi ndi chigwa cha Phalombe, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre. Mukamaliza kukwera makoma ake mumapeza dziko lina pamwamba: madambo a udzu waufupi, timitsinje ta madzi ozizira ndi nkhalango zobisala m'zigwa, zonsezi pa mamita pafupifupi 2,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Pamadambo pamenepo m'pamene pamayambira nsonga zenizeni, monga Chambe, Namasile ndi Sapitwa. Sapitwa ndiye mkulu wa zonse, wotalika mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo.

Ambiri amayambira ku Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango. Kuchokera pamenepo kukafika kudambo la Chambe munthu amakwera mamita pafupifupi 1,000, kaya wadzera njira yoima ya Skyline, kaya ya Chapaluka, imene imadutsa pafupi ndi mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Tiyeni tiwerengetsere ntchito ya mamita 1,000 amenewa. Pamalo athyathyathya miyendo imangokankhira thupi kutsogolo, koma pachitunda phazi lililonse limanyamula thupi lonse kulikweza m'mwamba, ngati mukusenza thumba la chimanga pamakwerero osatha. Pa mphamvu zonse zimene minofu imawotcha, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi ndi limene limasanduka ntchito. Zotsalazo zimasanduka kutentha, n'chifukwa chake thukuta limachita kamukamu ngakhale kukuzizira. Motero munthu wolemera makilogalamu 70 amawotcha makalori oposa 600 pa kukwera kokhako, osawerengera kutalika kwa njira kapena chikwama chimene wabereka. Mtima ndi mapapo zimagwira ntchito kwa maola atatu kapena anayi osalekeza, zimene sizichitika pa mpira wamasewera wa Lamlungu madzulo, pamene theka la nthawi limathera kukangana za penate.

Cholakwa cha pafupifupi aliyense wokwera koyamba n'kuyamba ndi liwiro. Anyamata makamaka, pofuna kudzionetsa, amathamangira kutsogolo, ndipo mumawapeza pathanthwe loyamba ali wefuwefu, madzi atamwa kale onse. Muyeso wake ndi wapafupi: ngati simungathe kulankhula chiganizo chathunthu kwa mnzanu mukuyenda, ndiye kuti mwafulumira. Taonani mmene amayendera amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni kapena anyamata onyamula katundu wa alendo. Amaponda mapazi aafupi, mosadukiza, ndipo sapumula nthawi yaitali kuti miyendo ingazizire. Kuthamanga sikufika, anatero akuluakulu, ndipo pa Skyline mawuwa amaoneka ndi maso.

Chimene ambiri sachiyembekezera n'chakuti kutsika n'kumene kumapweteka. Pokwera, minofu ya m'ntchafu imagwira ntchito mofupika. Potsika imagwira mabuleki uku ikukokeka, ndipo kukokeka kumeneku kumang'amba timitsempha ting'onoting'ono m'kati mwa mnofu. Ululu wake subwera tsiku lomwelo. Umadikira mawa, n'kufika pachimake mkuja, pamene munthu amalephera ngakhale kutsika pakhonde kapena kunjuta. Si matenda, ndipo umatha wokha pakapita masiku ochepa. Amene wazolowera kutsika zitunda sumuvutanso kwenikweni. Koma phunziro lake n'lakuti ngozi zambiri zoterereka ndi kubzungunyuka zimachitika pobwerera, miyendo itayamba kunjenjemera ndipo maganizo ali kale kunyumba. Ndodo yabwino ya nsungwi imapulumutsa mawondo kuposa nsapato zodula.

Tsopano za nyengo, chifukwa apa m'pamene pagona moyo wa munthu. Mukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mungathe kunyamuka ku Chitakale, m'tsinde mwa phirili, mutavala malaya opyapyala, koma usiku wa mu June kapena July pamwamba madzi amatha kuundana pa udzu. Ndiye pali chiperoni, mphepo yachinyezi yochokera kunyanja yamchere kudzera ku Mozambique, imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la m'dzikomo. Ikagunda khoma la Mulanje imakwera, n'kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yamawawa imene imatha kukhala masiku angapo. Nkhunguyo imatseka mwadzidzidzi, moti mnzanu amene ali patsogolo pang'ono simumuonanso. Munthu wonyowa, wotopa, wanjala, ali pamphepo, thupi lake limataya kutentha msanga kuposa mmene lingakubwezerere. Amayamba kunjenjemera, kenako kulankhula zosamveka ndi kusankha njira zopanda nzeru. Pamwamba pa Sapitwa mpweya nawo ndi wopepuka: kupuma kumodzi kumalowetsa pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a mpweya umene munthu amakoka ali m'mbali mwa nyanja yamchere.

Anthu okhala m'tsinde mwa phirili, Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao, ali ndi kafotokozedwe kawo. Phiri lili ndi eni ake, mizimu ya makolo, ndipo dzina lakuti Sapitwa likunena lokha kuti kumeneko sikupitidwa. Amati ukapeza chakudya chokonzedwa kale m'njira, idya wekha mwakachetechete, osaitana mnzako, osatengako china kupita nacho kunyumba. Amati usalankhule zachipongwe kapena kudzitama uli m'phirimo. Ophunzira ena amaseka zimenezi. Ine sindiseka, chifukwa chikhulupiriro chimene chimauza munthu kuti ayende modzichepetsa, asapatuke panjira ndipo amvere wodziwa malo, chasunga miyoyo yambiri. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anasowa akukwera yekha ku Sapitwa. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womulondolera njira n'kupitirira yekha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Kaya mukuti ndi mizimu, kaya mukuti ndi nkhungu ndi chisanu, langizo lake ndi limodzi: osakwera nokha. Ubale wa anthu ndi phiri lawo umenewu ndi umene bungwe la UNESCO linazindikira mu 2025, pamene linaika Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi.

Zokonzekera si zambiri. Pamwamba pali tinyumba togonamo alendo, monga ta Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi Chisepo, kamene kali poyambira njira ya ku Sapitwa. Mumapezamo mlonda, nkhuni ndi pophikira, koma chakudya ndi zofunda n'zanu. Tengani juzi, chovala chosalowa mvula, tochi, ndi kamba wosavuta monga mtedza, nthochi, mbatata yophika ndi ufa pang'ono. Zovala zosinthira muzikulunge m'jumbo. Miyezi yabwino ndi kuyambira May mpaka October; nthawi ya dzinja mitsinje imadzaza m'kanthawi kochepa ndipo matanthwe amaterera ngati sopo.

Olondolera njira ndi onyamula katundu musawanenerere mtengo ngati mukugula tomato. Amenewo ndiwo adzadziwe kuti mtambo uwo ukubwera ndi chiyani, ndipo mukathyoka mwendo ndiwo adzakuberekeni. Mphamvu zawo zimaonekera mu July pa mpikisano wa Porters Race, pamene amathamanga mtunda woposa makilomita 20 kuchokera ku Likhubula, kukwera phiri, kudutsa pamwamba n'kutsikanso, opambana n'kumaliza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Ulendo womwewo mlendo wamba amauyenda masiku awiri.

Chinthu chimodzi chidzakuwawani mtima mukafika pamwamba, ndicho zitsa. Mkungudza wa Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, koma macheka ndi moto zaumaliza pafupifupi wonse, ngakhale phirili lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Mbande zikubzalidwanso, koma mkungudza sukula msanga. Choncho tibokosi tonunkhira ta mkungudza timene amagulitsa m'mbali mwa msewu tisiyeni, ndipo moto muzikoleza pamalo ake okha.

Ngati simunakwerepo chitunda chiyambire, musayambe ndi Sapitwa. A ku Blantyre muli ndi Michiru, Soche ndi Ndirande. A ku Zomba phiri lili pakhomo. A ku Lilongwe pitani ku Bunda kapena ku Nkhoma. Kwerani limodzi mwa amenewa Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri mutabereka chikwama cha makilogalamu asanu. Tsiku limene mudzatsike popanda miyendo kunjenjemera, itanani anzanu awiri kapena atatu, mukagone ku Likhubula, ndipo mukanyamuke kusanatenthe.